Masamba pansi pa madzi oundana

Kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi kuli cilumba cacikulu, dzina lake Greenland. Kumeneko kumazizira kwambiri. M'malo mwa mvula kumagwa cipale, timadzi toundana toyera ngati ufa. Cipale ca caka cino cimagwa pamwamba pa ca caka catha, monga mphasa zosanjikiza. Cikapanikizika cimalimba ngati mwala. Cotero ca pansi ndico ca kale kwambiri.

Mu 1959 asilikali a ku America anamanga msasa m'kati mwa madzi oundanawo. Dzina lake linali Camp Century. Pamenepo akatswiri anayamba kuboola ndi mpope wa mano kunsonga. Mpopewo unkatsika, n'kukwera ndi cidutswa cobulungira ngati munsi. Mu 1966 anafika pansi penipeni, ataboola mamita pafupifupi 1,390. Anatulutsanso dothi louma ndi cisanu lotalika mamita oposa atatu.

Willi Dansgaard wa ku Denmark anayesa zidutswazo. Iye ankadziwa kuti cipale cogwa nthawi yofunda ciri ndi madzi olemererako pang'ono kuposa cogwa nthawi yozizira. Mu 1969 iye ndi anzake anafotokoza nyengo za zaka 100,000. Anaona nyengo yaitali ya cisanu coopsa, imene inatha zaka pafupifupi 12,000 zapitazo.

Nanga dothi lija? Linasungidwa m'cipinda cozizira, anthu n'kuliiwala. Mu 2017 linapezekanso ku Copenhagen, mzinda waukulu wa Denmark. Atalitsuka anapezamo timitengo, masamba ndi ndere. Zomera sizimera pansi pa madzi oundana. Ndiye kuti kalekale malowo anali poyera. Mu 2023 akatswiri analengeza kuti dothilo linawalidwa ndi dzuwa zaka pafupifupi 400,000 zapitazo. Pa nthawi imeneyo dziko linafunda, madzi oundana anasungunuka, ndipo nyanja yamcere inakwera.

Kummwera kwenikweni kwa dziko, ku Antarctica, anthu anaboolanso. M'zidutswa za kumeneko muli timatumba ta mpweya wa kale. Timatumbato timaonetsa kuculuka kwa mpweya wa kaboni, umene umasunga kutentha monga bulangete. Pa nthawi imene masamba aja ankamera, mpweyawu unali wocepa kuposa lero. Pamene panali miyeso iwiri, lero pali itatu. Waculuka cifukwa ca kutentha malasha, mafuta ndi nkhalango.

Anzathu, nkhaniyi ndi ya kutali, koma nyanja yamcere ndi imodzi. Madzi oundana onse a ku Greenland atasungunuka, nyanja ingakwere mamita 7. Izi zimatenga zaka mazana kapena zikwi, koma kukwerako kunayamba kale. Kuyambira 1900 nyanja yakwera masentimita pafupifupi 20. Mizinda ya Beira ndi Quelimane iri pa malo otsika. Nyanja ikakwera, madzi amcere amalowa m'zitsime ndi m'minda ya mpunga, ndipo mbeu sizikula.

Mafunso

1. Kodi cipale ca kale kwambiri cimapezeka pamwamba kapena pansi?
2. Kodi masamba a m'dothi lija akutiuza ciyani?
3. Funsani akuluakulu a m'mudzi mwanu: kodi mvula ndi kutentha zasintha bwanji kuyambira ubwana wao?