Gombe la Nyanja ya Niassa lisanakhale malo ocezera

Nyengo yotentha ikafika, Loweruka ndi Lamulungu magalimoto amatsika phiri kucokera ku Lichinga kupita ku Metangula, ku Chuanga ndi ku Meponda. M'menemo mumakhala mabanja, acinyamata, nthawi zina ana a sukulu ndi aphunzitsi awo. Amakasambira, kuwocha cambo pamakala ndi kuyang'ana nkhwazi ikuwakha nsomba pamwamba pa madzi. Mwana wobadwa pambuyo pa 1992 saona cacilendo pamenepa. Komabe ulendo wopita kunyanja kukangoona ndi kupuma ndi watsopano pa gombe limeneli. Kwa zaka zoposa 100, anthu ambiri amene anafika kumeneko anali othawa, owoloka kapena ogwidwa.

Eni gombe ndi Anyanja, ndipo dzina lawo likunena kumene amakhala. M'zaka za m'ma 1800 nyanja inali mbali ya njira yaikulu ya malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo. Zombo zamatanga za Jumbe wa ku Nkhotakota zinkawolotsa anthu kuwatula kutsidya la kum'mawa, ndipo kucokera kumeneko ankayenda wapansi kudutsa dziko la Ayao mpaka ku Kilwa. Nthawi yomweyo Angoni ocokera kumpoto, amene ankachedwa Magwangwara, ankatsikira kunyanja kudzafunkha midzi. Anyanja anasiya kukhala momwazikana. Anaunjikana m'midzi ikuluikulu yozingidwa ndi malinga m'mphepete mwenimweni mwa madzi, kuti adani akatulukira, bwato likhale pafupi. Ena anathawira pa cilumba ca Likoma.

David Livingstone anafika pa nyanjayi mu 1859. Koma mzungu amene analidziwa bwino gombe la kum'mawa anali William Percival Johnson wa mishoni ya Anglican ya UMCA, amene anafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880 nagwira nchito m'derali mpaka imfa yake mu 1928. Mishoni inakhazikika pa Likoma mu 1885, ndipo sitima yake inkayendera midzi ya m'gombe monga Messumba. Johnson ndi anzake analemba ndi kumasulira mabuku m'Cinyanja colankhulidwa kunyanja, cimene cimasiyanako ndi ca ku Angónia. Nawonso amishoni nyanja sinawacitire cifundo. Mu 1895 bishopu Chauncy Maples anamira bwato lake litagubuduzika ndi mphepo. Sitima imene inapatsidwa dzina lake inayamba kuyenda mu 1901, ndipo inali chalichi ndi sukulu yoyandama.

Malire anabwera ndi pangano la Angelezi ndi Apwitikizi la 1891. Gombe linapita kwa Apwitikizi, koma Likoma ndi Chizumulu zinatsala kwa Angelezi, ngakhale kuti munthu ataima pa Cobué amaiona Likoma ndi maso. Abale anapezeka ali m'maiko awiri. Mpaka 1929 dera lonse linali m'manja mwa Companhia do Niassa, kampani imene anthu anaidziwa ndi msonkho wa nyumba ndi nchito yokakamiza.

Nkhondo yomenyera ufulu itayamba mu Seputembala 1964, nyanja inasanduka bwalo la asilikali. Apwitikizi anakulitsa malo awo a asilikali a pamadzi ku Metangula, ndipo mabwato ankhondo anawanyamula pa njanji ndi pamsewu kucokera kugombe la nyanja yamcere. Msodzi wopezeka pamadzi usiku ankaganiziridwa kuti akuwolotsa anthu a Frelimo. Mabanja ambiri anathawira ku Likoma, ku Malawi ndi ku Tanzania. Ufulu unabwera mu 1975, koma posakhalitsa panabuka nkhondo yaciwiri imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Chalichi cacikulu ca Akatolika ku Cobué cinatsala bwinja, ndipo alendo oyamba a nthawi ya mtendere ankacijambula ngati cizindikiro ca zimene zinacitika.

Nkhondo sizinakhudze zamoyo zonse mofanana. Nyama za kumtunda zinacepa, cifukwa mfuti zinaculuka ndipo anthu anali ndi njala. Nsomba zinapumako. Kunalibe misewu yabwino, misika ikuluikulu kapena mabwato ambiri a injini, motero gombe la Mozambique silinakokoledwe ngati mbali ya kum'mwera kwa nyanja, kumene cambo cinacepa kwambiri. Ku Malawi boma linali litakhazikitsa kale malo otetezedwa ku Cape Maclear mu 1980. Kuno cimene cinateteza nsomba ndi kusowa kwa anthu, ndipo palibe amene anakusankha.

Nsomba zimene alendo amabwerera kwenikweni si zandiwo. Ndi mbuna, tinsomba ta mitundu yowala timene timakhala m'miyala ndi kudya ndere zomera pamiyalapo. Yaikazi imasunga mazira m'kamwa mpaka ataswa, ndipo m'mitundu ina ana amathawiramonso akaona coopsa. Popeza mbuna sizikonda kudutsa pamcenga kapena pamadzi akuya, gulu la pa mwala umodzi limakhala lokhalokha kwa mibadwo yambiri mpaka kusiyana maonekedwe ndi la pa mwala wina. N'cifukwa cake nyanjayi ili ndi mitundu ya nsomba mazanamazana, kuposa nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi. Oweta nsomba m'magalasi ku Ulaya amazichula ndi dzina la malo amene zinacokera, kotero pali anthu ku Germany amene amalidziwa dzina la Cobué koma sadziwa kuti ndi mudzi wokhala ndi anthu.

Mtendere utakhazikika, kum'mwera kwa Cobué kunamangidwa malo ogona alendo a Nkwichi. Dzinali linacokera ku mcenga wa pamenepo, umene umalira munthu akaupondapo. Midzi yozungulira inagwirizana zopatula thengo lina kuti nyama zibwerere, m'dera lochedwa Manda Wilderness. Mu 2011 boma linalengeza mbali ya nyanja kukhala Reserva Parcial do Lago Niassa, ndipo caka comweco deralo linalowa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ndi nyanja zofunika pa dziko lonse.

Lamulo ndi losavuta kulemba kusiyana ndi kulisunga. Anthu anabwerera kwawo, anaculuka, ndipo ambiri alibe cuma cina koma nyanja. Usipa ndi utaka zimalipira yunifomu ya mwana. Masikito operekedwa kuti ateteze malungo amapezeka ali m'madzi, akukokola ndi tiana ta nsomba tomwe. Mitengo ikadulidwa m'mapiri, mvula imatsitsa dothi limene limakwirira miyala, ndere n'kufa, mbuna n'kusowa cakudya. Makomiti a asodzi a m'midzi, Conselhos Comunitários de Pesca, ndiwo ali ndi nchito youza mnansi kuti malo akuti asaponyepo ukonde. Ndalama za alendo zimafika kwa ocepa, ndipo m'miyezi ya mwera, pamene mafunde amakula, ngakhale woyendetsa bwato la alendo amakhala masiku osapeza kanthu.

Mlendo ndi mwini gombe amayang'ana cinthu cimodzi mosiyana. Nthawi zina pakati pa nyanja pamaoneka ngati utsi wakuda ukukwera kumwamba. Ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timaswa m'madzi mwaunyinji. Livingstone analemba za ito m'buku la maulendo ake, ndipo alendo a lero amathamangira kukatenga foni kuti ajambule. Amayi a m'gombe amayamba ayang'ana kumene mphepo ikulowera. Ikalunjika kumtunda amatenga malicero, kuwanyowetsa, n'kumawakupiza m'mwamba mpaka nkhungu zitamatirira, kenako amaziumba timitanda toti aphike ndi kuyanika ndiwo.