Akavalo a ku Nairobi ndi Masewera Olumpha Mipanda

Nairobi idayamba mu 1899 ngati msasa wa anthu omanga njanji yochokera ku Mombasa, ndipo masiku amenewo kavalo adali chiweto chachilendo kumeneko. Amasai ankaweta ng'ombe ndi abulu, Akikuyu ankalima ndi manja. Chimene chinkatsekereza akavalo ndi matenda. M'zigwa zotentha kashembe ankawapatsira nthenda yofooketsa mpaka kufa, ndipo palinso mliri wofalitsidwa ndi tizilombo toluma madzulo, umene umatha kupha akavalo asanu ndi anayi mwa khumi odwala. Nairobi idachitako mwayi chifukwa ili pamtunda wopitirira mamita 1,600, kumene kumazizira.

Akavalo oyamba kuzolowera dziko la Kenya adachokera kumpoto. Amalonda a Chisomali ankawakusa kuchokera ku Somaliland ndi kummwera kwa Ethiopia, kwawo kwa Aborana, ulendo wa miyezi m'dziko la minga ndi ludzu. Adali aafupi, owonda, osakongola kwenikweni, koma a ziboda zolimba zosalira chitsulo, ndiponso okhuta ndi udzu wouma womwewo. Atsamunda ankakwera iwowa popita kuminda ndi kokasaka, ndipo mipikisano yoyambirira ya liwiro ku Machakos ndi ku Nairobi idathamangidwa ndi akavalo omwewa. Nairobi Polo Club itakhazikitsidwa mu 1907, akavalowa adagwiranso ntchito m'masewera a polo.

Ku Ulaya kuli akavalo otchedwa a magazi ozizira, monga Shire, Clydesdale ndi Percheron: zimphona zofatsa, zina zolemera pafupifupi makilogalamu 1,000, zoweteredwa kukoka pulawo ndi ngolo. Mtundu wotere sudamere mizu ku Kenya. Ntchito yokoka idali kale ndi eni ake, ng'ombe zofula, zimene sizidula ndipo zikakalamba zimasanduka ndiwo. Pambuyo pake kudabwera thirakitala. Choncho alimi a ndalama poitanitsa akavalo kunja ankasankha a liwiro, a mtundu wa Thoroughbred ndi Arab. Mpikisano wa Kenya Derby udayamba mu 1914, ndipo mu 1954 bwalo la mijaha lidasamuka ku Kariokor kupita ku Ngong Road, kumene lili mpaka lero. Beryl Markham, amene adakulira ku Njoro, adatchuka pophunzitsa akavalo opambana Derby kangapo. Koma amene ankadzuka mbandakucha kudyetsa, kupesa ndi kuyendetsa akavalowo adali Akenya ogwira ntchito m'makola, ndipo maina a ambiri a iwo sadalembedwe paliponse.

Masewera olumpha mipanda adakula pamaziko amenewa. Kavalo akatopa ndi mijaha ya ku Ngong amapeza mbuye watsopano, n'kuphunzira kulumpha, n'kukaonekera ku Jamhuri Park pa zionetsero zoyendetsedwa ndi Horse Association of Kenya. Kulumpha kumafuna miyendo yakumbuyo yamphamvu, thupi lopepukirako ndi mtima wosathawa mpanda. Kavalo wa ngolo akhoza kulumpha mipanda yaifupi, ndipo kufatsa kwake n'kwabwino kwa wophunzira, koma pa mipanda ya mamita 1.60 ya ku Olympics thupi lakelo limamulemera, ndipo potera mawondo ndi akakolo zimalandira katundu woopsa. Anthu a ku Ireland adapeza njira yapakati: adakweretsa kavalo wawo wa kumunda, Irish Draught, ndi Thoroughbred, n'kubereketsa akatswiri olumpha odziwika padziko lonse.

Apa m'pamene mtima wanga umawawa. Kenya idali ndi mbewu yakeyake yoyambira, kavalo wa Chisomali ndi wa Chiborana, wopirira dzuwa ndi miyala, koma kutchuka konse kudapita kwa obwera. Magazi ake adatsalira mwa akavalo osakanizika amene amanyamula alendo m'maulendo oona nyama ndi amene ana amaphunzirirapo kukwera. Ambiri amamupeputsa chifukwa cha msinkhu, komatu msinkhu si umene umalumpha. Mu 1968 ku Mexico City, Stroller, kavalo wosapitirira mamita 1.5, adapatsa Marion Coakes wa ku Britain mendulo yasiliva ya Olympics atapikisana ndi akavalo omuposa kutalika onse. Woweta wa ku Karen kapena ku Nanyuki amene angafune kuyesa zimene adachita a ku Ireland safunika kuwoloka nyanja. Akavalo a Aborana akadalipo kummwera kwa Ethiopia, kutsidya kwa Moyale.