Njala ndi Kubweranso Kwake

Ngakhale munthu adye chakudya chonona chokwanira kumpatsa mphamvu za tsiku lathunthu, njala imbwerera ndithu patapita maola owerengeka, pakuti thupi limvera makamaka chifu: chikadzala ndi kutamuka, mitsempha ipereka uthenga ku ubongo kuti kwakwanira, chikaphwa, chitulutsa timadzi totchedwa ghrelin, timene akatswiri a ku Japan anatitulukira m'chaka cha 1999, ndipo timeneti ndito tidzutsa chilakolako, makamakanso pa nthawi imene munthuyo anazolowera kudya. Zakumwa za shuga zituluka m'chifu msanga, kotero kuti womwa zotere, angakhale walandira mphamvu zochuluka, sachedwa kumva m'mimba kulira. Koma nyemba, mazira ndi ndiwo zamasamba zikhalitsa, popeza zigayika pang'onopang'ono.