Mbiri ya Turbo ndi Zitunda za ku Ntcheu

Aliyense amene anayendapo pa msewu waukulu wochokera ku Balaka kupita ku Dedza akudziwa kuti Ntcheu ndi dziko la zitunda. Ku Balaka galimoto imakhala pa mtunda wa mamita pafupifupi 600 pamwamba pa nyanja yamchere. Ikamadutsa pa Bawi, pa Kampepuza, pa boma la Ntcheu, pa Biriwiri ndi pa Lizulu mpaka kukafika ku Dedza, imakhala itakwera mamita ena pafupifupi 1,000. Pa zitunda zoterezi lole yodzaza imachita wefuwefu monga munthu wosenza thumba la chimanga.

Kunena zoona injini imapuma ndithu. Mafuta sayaka popanda mpweya, ndipo kumapiri mpweya umapepuka. Injini wamba imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zake pa mamita 1,000 alionse amene yakwera. Vuto limeneli ndilo linakuza chipangizo chotchedwa turbo, chimene anyamata ambiri okonda galimoto amachilakalaka.

Mwini nzeruyi anali Alfred Büchi, katswiri wa makina wa ku Switzerland, amene analembetsa luso lake mu 1905. Iye anaona kuti mphamvu yambiri ya mafuta, mwina gawo limodzi mwa magawo atatu, imangothawa ndi utsi wotentha. Tsono anaika kagudumu ka mapiko m'njira ya utsiwo. Utsi ukamatuluka umazunguza kagudumuko, nako kamazunguza kanzake kamene kamakankhira mpweya wochuluka m'kati mwa injini. Mpweya ukachuluka, mafuta ochuluka amayaka bwino, ndipo mphamvu imakwera.

Luso limeneli linayesedwa paphiri. Mu 1918 Sanford Moss wa kampani ya General Electric anakweza injini ya ndege pamwamba pa phiri la Pikes Peak ku America, lotalika mamita oposa 4,000. Kumeneko injiniyo inafooka kwambiri, koma itaikidwa turbo mphamvu zake zinabwerera. M'zaka za m'ma 1920 chipangizochi chinalowa m'sitima za pamadzi za ku Germany, ndipo mu 1938 kampani ya Saurer ya ku Switzerland inachiika m'injini ya lole. Motero ntchito yake yoyamba inali yokwera pamwamba ndi yokoka katundu wolemera.

Pa galimoto zazing'ono zinthu sizinayambe bwino. Mu 1962 ku America kunatuluka Oldsmobile Jetfire, galimoto ya petulo ya turbo. Injini yake inkatentha kwambiri, kotero kuti inkafuna madzi apadera osakaniza ndi mowa wa makina m'kathanki kakekake. Eni ake ambiri ankaiwala kuthira madziwo, madandaulo anachuluka, ndipo patangopita zaka ziwiri galimotoyo inaleka kupangidwa. Mafuta atakwera mtengo pa dziko lonse mu 1973, opanga galimoto anaikumbukiranso turbo, pakuti imapatsa injini yaing'ono mphamvu za yaikulu. Mu 1978 Mercedes-Benz inatulutsa 300SD, galimoto ya dizilo ya turbo yonyamula anthu.

M'zaka zomwezo msewu wa ku Ntcheu unali kusenza mtolo watsopano. Likulu la dziko litasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, msewuwu unasanduka msana wolumikiza chigawo cha kumwera ndi cha pakati. Kenaka nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala m'zaka zoyambirira za m'ma 1980, ndipo feteleza, mafuta, fodya ndi shuga zinayamba kudalira malole. Kuyambira cha m'ma 1986 anthu zikwizikwi othawa nkhondoyo anakhala m'mbali mwa malire ku Ntcheu, nawonso chakudya chawo chinkadza pa msewu. Pa zitunda izi mpamene phindu la injini yopuma bwino linkaoneka poyera.

Kuchokera m'zaka za m'ma 1990 galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito za ku Japan zinachuluka m'Malaŵi, ndipo turbo inaleka kukhala chinthu chachilendo. Pamodzi nazo panadza chilakolako chosintha galimoto. Wina amadula sailensa, wina amakulitsa paipi ya ekizozi, wina amapempha makaniko kuti amangirire turbo yakale pa injini imene inapangidwa yopanda turbo.

Apa mbiri ili ndi chenjezo. Kudula sailensa kumachulukitsa phokoso koposa mphamvu. Paipi yotakata ingathandize pang'ono injini ya turbo kutulutsa utsi msanga, koma utsi wakuda bii umene ena amanyadira ndi dizilo amene sanapse, ndiye kuti ndalama zouluka. Kuika turbo pa injini wamba kumafuna kusinthanso kayezedwe ka mafuta, kuziziritsa mpweya wolowa, ndi kuona ngati mapisitoni ndi kilachi zingapirire. Kupanda kutero gasiketi imapsa, mwinanso pisitoni imabooka. Kagudumu ka turbo kamazungulira koposa ka 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo moyo wake wonse uli mu oyilo waukhondo. Nchifukwa chake dalaivala wodziwa ntchito akakwera chitunda sazimitsa injini nthawi yomweyo, amayamba waisiya ilire pang'onopang'ono kwa mphindi ziwiri kuti izizire.

Chinanso nchakuti chitunda chilichonse chili ndi matsitso ake. Turbo imawonjezera mphamvu zokwerera, koma siiwonjezera kanthu pa mabuleki. Opanga malole anazidziwa zimenezi, ndipo anaika kachitseko m'paipi ya utsi kamene dalaivala amatseka potsetsereka, kuti injini igwire lole mabuleki asanatenthe. Paipi imodzimodziyo imathandiza pokwera ndi potsika pomwe. Woidula mosaganiza amaika pa ngozi anthu amene sanawafunse, monga amayi ogulitsa mbatata ya kachewere, kabichi ndi matimati m'mbali mwenimweni mwa msewu pa Lizulu ndi pa mphambano ya ku Tsangano.

Büchi ndi Moss anafuna kuti mphamvu yotayika igwire ntchito. Mwini galimoto wa ku Ntcheu amene afuna kusintha injini yake ayambe wafunsa makaniko wodziwa za mabuleki, matayala ndi oyilo, asanafunse za liwiro. Paja akulu anati kuthamanga si kufika.