Mmene mwana amatengera khungu kwa makolo ake

DURBAN: Sukulu ya zaudokotala yomwe ili pa msewu wa Umbilo, imene lero imadziwika ndi dzina la Nelson R. Mandela, inatsegulidwa mu 1951 kuti iziphunzitsa anthu akuda, amwenye ndi makaladi. Chaka cha 1950, boma la South Africa linali litakhazikitsa lamulo logawa anthu m'mitundu, ndipo khungu linkatengedwa ngati umboni waukulu. Lamuloli linathetsedwa mu 1991. Sayansi ya zachibadwa imasonyeza kuti umboniwo unali wosadalirika.

Khungu limada kapena kuyera malingana ndi kuchuluka kwa melanini, utoto wachilengedwe umene umatetezanso thupi ku cheza cha dzuwa. Kapangidwe ka utotowu kamayendetsedwa ndi majini, malangizo a m'maselo amene mwana amalandira theka kwa mayi, theka kwa bambo. Majini okhudza khungu ndi ambiri. Imodzi mwa iwo, SLC24A5, inadziwika mu 2005, ndipo kafukufuku wa mu 2017 pakati pa anthu a ku Ethiopia, Tanzania ndi Botswana anapezanso ina, MFSD12. Popeza majiniwa amasakanikirana mwatsopano pa mimba iliyonse, ana a bere limodzi amatha kusiyana khungu, ndipo wina amatha kuda kapena kuyera kuposa makolo onse awiri.

Akuluakulu a boma la tsankho sankalabadira zimenezi. Sandra Laing, yemwe anabadwa mu 1955 ku Piet Retief kwa makolo achizungu, anachotsedwa pa sukulu ya azungu ali ndi zaka pafupifupi 10, n'kulembedwa kuti ndi mkaladi chifukwa cha khungu ndi tsitsi lake.

Chialubino chimayenda mosiyana, chifukwa chimachokera pa jini imodzi. Kumwera kwa Africa kawirikawiri imakhala OCA2. Mwana amabadwa wachialubino pokhapokha atalandira jini yosinthikayo kwa makolo onse awiri, omwe nthawi zambiri amakhala akhungu lakuda ndipo sadziwa kuti ali nayo. Zikatero, pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe wachialubino umakhala umodzi mwa inayi. Bambo amene amathamangitsa mkazi pomunena kuti anayenda ndi mzungu amakhala akukana chibadwa chake chomwe. Ku Malawi, kalembera wa mu 2018 anapeza anthu achialubino 134,636.