Ndege zazikulu, ndege zazing'ono ndi nkhawa ya oziyendetsa

Mukamva ndege ikudutsa pamwamba pa minda ya ku Lione, mwina mumangoti: "Ndege ya LAM iyo, ikupita ku Lichinga." Dzina lolembedwa pa tikiti lingakhaledi LAM. Koma amene wakhala kutsogolo n'kumayendetsa, nthawi zina si wanchito wa LAM ayi.

LAM ndi kampani ya ndege ya dziko lathu la Mozambique. Inayamba mu 1936 ndi dzina lakuti DETA, ndipo inakhala LAM mu 1980. Kampaniyi inabala mwana, dzina lake Moçambique Expresso, mwacidule MEX, amene anayamba kuyenda payekha mu 1995. LAM inkayendetsa ndege zazikulu monga Boeing 737, yonyamula anthu oposa 100. MEX inkayendetsa zazing'ono monga Embraer 145, ya mipando 50. Ndege yaikulu imafuna njira ya anthu ambiri, monga Maputo kupita ku Nampula. Mzinda wa anthu ocepa okwera ndege, monga Lichinga, nthawi zambiri umagwirizana ndi yaing'ono. Zili ngati basi ndi chapa: palibe amene amatumiza basi yaikulu kumudzi kukatenga anthu asanu.

Ndiye vuto lili pati? Taganizani za mwini munda amene ali ndi anchito a pamwezi. Tsiku lina akuona kuti aganyu ndi osakwera mtengo. Akuwapatsa ndime imodzi, caka camawa ndime zitatu. Anchito a pamwezi aja sanacotsedwe, koma nchito yawo ikutha pang'onopang'ono. Nkhawa ya oyendetsa ndege zazikulu ndi yomweyi.

Nkhani imeneyi inakula kwambiri ku America. Kumeneko oyendetsa ndege ali ndi sindikatu, ndiye kuti bungwe lowalankhulira pa malipiro ndi pa nchito. Yaikulu ndi ALPA, imene inayamba mu 1931. Makampani aakulu monga Delta, United ndi American amapereka njira zina kwa makampani aang'ono. Ndege imapakidwa mtundu wa kampani yaikulu, koma oyendetsa ake ali ndi bwana wina ndi malipiro ena, amene kwa zaka zambiri anali otsika kwambiri. Ndiye sindikatu inaika malire m'mapangano a nchito. Ndege ya kampani yaing'ono isapitirire mipando 76, ndipo ndege zoterozo zikhale ndi ciwerengero cake. Yoposa pamenepo ayendetse a kampani yaikulu basi.

Si nkhani ya ndalama yokha. Pa 12 February 2009 ndege ya kampani yaing'ono ya Colgan Air inagwa pafupi ndi mzinda wa Buffalo. Inkauluka m'dzina la kampani yaikulu ya Continental. Anthu 50 anamwalira, mmodzi ali m'nyumba mwake. Ofufuza anapeza kuti woyendetsa wamkulu analakwitsa pamene ndege inataya liwiro. Zinadziwikanso kuti womuthandiza wake ankalandira ndalama zocepa, ndipo anali atayenda usiku wonse kucokera kwawo kutali kuti afike pa nchito. Abale a omwalira sanakhale cete. Kuyambira 2013, munthu woyamba nchito imeneyi ku America ayenera kukhala atauluka maola 1,500. Kale maola 250 ankakwanira.

Apa tisalakwitse. Ndege yaing'ono si yoopsa cifukwa ca kucepa kwake, ndipo oziyendetsa si ophunzira pang'ono. Iwonso ali ndi dandaulo lawo. Amatera ndi kunyamuka kambirimbiri pa tsiku, pa mabwalo aang'ono, pamene mnzawo wa ndege yaikulu wayenda ulendo umodzi kapena iwiri. Nchito yolemera, thumba lopepuka. Kunena zoona, dandaulo lawo ndi lomveka.

Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi nkhope ina. M'zaka zaposacedwa LAM yakhala ndi ndege zake zocepa, ndiye yakhala ikubwereka. Kubwereka kuli mitundu iwiri. Mungabwereke ndege yokha, n'kuikamo oyendetsa anu. Kapena mungabwereke ndege pamodzi ndi oyendetsa ake, monga LAM inacitira ndi kampani ya CemAir ya ku South Africa. Njira yaciwiriyi ndi yofulumira, ulendo sulephereka. Koma woyendetsa wa kuno amakhala pansi, ndipo wokhala nthawi yaitali osauluka amafunika kuyesedwanso asanabwerere m'ndege.

Ife a ku Niassa tili pakati. Kucoka ku Lichinga kukafika ku Maputo pa msewu ndi makilomita oposa 2,000, ulendo wa masiku angapo. Wodwala wotumizidwa ku cipatala cacikulu ca ku Maputo sangadikire kuti anthu 100 apezeke, ndege yaikulu idzaze. Kwa iye ndege ya mipando 50 imene yabwera lero ndi yokwanira, kaya woyendetsa wake walembedwa ndi ndani.