Jacques Piccard: katswiri yemwe adafika pansi penipeni pa nyanja

Jacques Piccard anali katswiri wa sayansi ya nyanja komanso injiniya wopanga zombo zoyenda pansi pa madzi. Adabadwa pa 28 Julaye 1922 mumzinda wa Brussels ku Belgium, koma anali nzika ya Switzerland. Luso adatengera kwa bambo ake, Auguste Piccard, omwe mu 1931 adakwera m'mwamba ndi chibaluni mtunda woposa mamita 15,000.

Awiriwa adatenga nzeru ya chibaluni n'kuigwiritsa ntchito m'madzi. Chombo chawo, Trieste, chidamangidwa ku Italy ndipo chidalowa m'madzi mu 1953. Pamwamba pake panali thanki yaikulu ya petulo, yemwe ndi wopepuka kuposa madzi, ndipo kunsi kwake kunali chipinda chozungulira cha chitsulo chokhalamo anthu awiri. Matani 9 a tizitsulo ndiwo ankachimiza. Tizitsuloto tinkagwiridwa ndi maginito oyendera magetsi, kotero kuti magetsi akadazima, tikadataika tokha ndipo chombo chikadayandama. Moyo wa anthu awiri udadalira nzeru imeneyi.

Asilikali apamadzi a dziko la America adagula Trieste mu 1958. Pa 23 Januwale 1960, Piccard ndi msilikali Don Walsh adatsikira ku Challenger Deep, mu chiphompho cha Mariana m'nyanja ya Pacific, malo akuya kwambiri padziko lonse. Kuyaku n'kwa mamita pafupifupi 10,900, moti phiri la Everest litaikidwamo silingaonekere. Kumeneko madzi amapanikiza chinthu kuwirikiza ka 1,000 poyerekeza ndi mpweya wa pamtunda.

Atafika mamita pafupifupi 9,000, limodzi mwa mazenera akunja lidang'aluka ndipo chombo chonse chidagwedezeka. Iwo adapitirira. Ulendo wotsika udatenga maola pafupifupi 5, adakhala pansipo mphindi 20, ndipo pobwerera adatenga maola oposa 3. Adanena kuti adaona nsomba yophwatalala, koma akatswiri a masiku ano amakayika chifukwa nsomba sizidapezekepo mozama chotero. Padapita zaka 52 munthu wina, James Cameron, asadafikenso pamalopo mu 2012.

Piccard adafunanso kuti anthu wamba aone za pansi pa madzi. Chombo chake china, chotchedwa dzina la bambo ake, chidanyamula anthu oposa 30,000 m'nyanja ya Geneva kuyambira pa chionetsero cha ku Lausanne cha 1964. Mu 1969 adatsogolera amuna ena 5 m'chombo cha Ben Franklin, chomwe chidatengedwa ndi mkokomo wa madzi wa Gulf Stream kwa masiku 30 kuchokera ku Florida. Bungwe la NASA lidatsatira ulendowu pofuna kudziwa mmene anthu amakhalira atatsekeredwa malo opanikiza kwa nthawi yaitali.

Adamwalira pa 1 Novembala 2008 ku Switzerland ali ndi zaka 86. Mwana wake, Bertrand, adazungulira dziko lonse ndi chibaluni osatera mu 1999.